Sitora Atsegula Njira ya pa Ayezi

1. Malika abwera ndi zithunzi

Tirigu atangokololedwa chaka chimenecho, Malika adatsika pa jipi yochokera ku tauni ya Gilgit ali mbuu ndi fumbi. Sadapite kukalonjera amayi ake monga achitira mwana waulemu. Adangolunjika kunyumba kwa agogo ake, a Niyat Shah, chikwama cha laputopu chili kumsana.

Adapeza msuweni wake Sitora ali padenga, akuunjika udzu woti ziweto zidzadye nthawi yozizira.

"Iwe kamiyendo, tatsika. Agogo alimo?"

"Kodi moni anakuthera ku yunivesiteko?" adayankha Sitora. "Kapena amakulipiritsani?"

Malika sadaseke. Pamenepo Sitora adadziwa kuti zinthu sizili bwino, pakuti awiriwa akakumana ankanyozana mpaka tiyi kuzizira.

Sitora anali mtsikana wa ku sekondale, wamtali, wothamanga kuposa anyamata a m'kalasi mwake, ndipo zimenezi ankazidziwa mopitirira muyeso. Bambo ake anali pa ntchito kutali, ku mzinda wa Karachi. Amayi ake, a Bibi Numa, anali kubusa pamodzi ndi amayi ena a m'mudzi wa Shirindeh. Adapita kumeneko chipale chitangosungunuka, ndi ng'ombe zaubweya za m'mapiri zotchedwa yaki, nkhosa ndi mbuzi, a Bibi Numa atabereka kumsana kamng'ono ka Sitora, Dildor. Tsopano nyengo yoti atsike inali itakwana.

Pakati pa mudzi ndi busa padagona Yaz, mtsinje wa ayezi wochokera pamwamba pa mapiri. Njira yowolokera idalembedwa ndi milu ya miyala imene makolo adaunjika, ndipo chaka chilichonse amuna ankaikonza. Mwambo wa pamudzipo unali wakuti nyengo yotsika ikafika, munthu mmodzi wa kumudzi amayamba wawoloka yekha. Amayi a kubusa akamuona ali pakati pa ayezi, amadziwa kuti njira ili bwino ndipo amanyamuka ndi ziweto. Akapanda kuona munthu, palibe amaponda pa ayezi.

Chaka chimenecho udindo wotsegula njira udagwera nyumba ya a Niyat Shah. Mawondo awo adatha kalekale, choncho adasankha Sitora. Sukulu yonse idatopa nayo nkhaniyo, poti Sitora sankaleka kuikamba.

Malika adatsegula laputopu pa mkeka, agogo atakhala pambali pake, ndipo adaonetsa zithunzi ziwiri. Adafotokoza kuti zidajambulidwa ndi setilaiti, makina amene amazungulira dziko kumwamba kwenikweni, nadutsa pamwamba pa mapiri awo pakapita masiku angapo. Ntchito ya iye ndi aphunzitsi ake inali kuika zithunzi zotere moyandikana, n'kuona ngati miyala ndi mizere ya pa ayezi yasuntha.

Pa chithunzi choyamba, cha nthawi imene amayi ankakwera, Yaz anali wosalala. Chimwala chachikulu chimene anthu amapumirapo pakati pa njira chinali pamalo pake, moyang'anana ndi mathithi. Pa chithunzi chachiwiri chimwala chija chinali kumunsi kutali, ndipo ayezi yense anali mizeremizere yakuda ngati chidendene chong'aluka.

Sitora adati mwina chimwalacho chidangogubuduka.

"Sichinagubuduke," adatero Malika. "Chaberekedwa. Kale Yaz ankayenda mwina chikhato chimodzi pa tsiku. Panopa pa tsiku akuyenda kuposa utali wa bwalo la volebo la kusukulu kwanu. Madzi aunjikana kunsi kwake, ndiye akutsetsereka ngati munthu woponda pa sopo. Ayezi wa m'mapiri ena amatero, amagona zaka zambirimbiri kenaka n'kuyamba kuthamanga. Ndipo chithunzi ichi n'cha sabata yatha, pakuti masiku enawa kunali mitambo. Mmene kulili lero sitikudziwa."

A Niyat Shah adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka adaika pansi kapu yawo ya tiyi wa mchere.

"Wadzuka," adatero motsitsa mawu.

2. Chenjezo la agogo

Masana omwewo akuluakulu adakumana pabwalo la nyumba yopemphereramo. Malika adaonetsanso zithunzi zija. Amuna amene masiku onse amakangana ngakhale za mtengo wa mbatata adangogwira pakamwa. Ena adaulula kuti akhala akumva kulira ngati mfuti kuchokera kumtunda, koma ankati ndi miyala ikugwa. Mwini chigayo adati madzi a mu ngalande achepa ndipo ada ngati phulusa.

Adagwirizana kuti chaka chino palibe wotsegula njira. Amuna amphamvu anyamuke m'mawa mwake, azungulire njira yaitali ya pampata wa kumtunda, akatsitse amayi ndi ziweto kudzera komweko. Ulendo umenewo ndi wa masiku, osati wa m'mawa umodzi.

Sitora atamva, nkhope idagwa. Chimene chidamuvuta chinali amayi ake. A Bibi Numa anali munthu wosadikira. Chaka chapitacho wotsegula njira adachedwa chifukwa cha ukwati, ndipo a Bibi Numa atafika kumudzi adalumbira pamaso pa mudzi wonse kuti akadzachedwanso adzawoloka okha. Kuwonjezera apo, chipale chinali chitagwa msanga pamwamba pa mapiri, ndipo ufa kubusako uyenera kuti unali kutha.

Zonsezi adauza agogo ake madzulo akumwa tiyi. Adati iye akhoza kuthamanga, akawachenjeze, dzuwa lisanafike pamutu akhala atafika.

A Niyat Shah adamuuza kuti akhale pansi.

"Mdzukulu wanga, tchera khutu, pakuti sindibwereza. Yaz ndinamuonapo atadzuka, ndili kamnyamata kosavala nsapato. Anatsika mpaka pamene pali manda akale paja. Anameza chigayo cha agogo anga, anameza mitengo ya maapurikoti, anatseka mtsinje mpaka kuseri kwake kunabadwa nyanja. Chaka chimenecho wotsegula njira anali mkulu wanga Sarwar. Anali wamphamvu kuposa iwe, ndipo njirayo ankaidziwa ngati khomo la nyumba yake. Akuluakulu anamuletsa. Iye anakwera pachitunda, anayang'ana, n'kubwera kudzati milu ya miyala ikadali chiimire, nanga mukuopa chiyani? Ananyamuka ndi bulu. Sitinamuike m'manda, Sitora. Amayi anga anamwalira akuyang'anabe kumtundako. Patapita zaka, ine nditakwatira kale, Yaz analavula chishalo cha bulu uja kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mlatho. Cha Sarwar sanabweze chilichonse."

Kenaka adapitiriza.

"Mulu wa miyala ndi wabwino pamene pansi pake pagona. Pansi pakayamba kuyenda, mulu umayenda nawo, ndipo umakulozera kumene kunali njira, osati kumene kuli njira. Chachiwiri n'ichi. Amayi ako ndi aukali pakamwa, koma si opusa. Anakulira pa mwambo umenewu. Akapanda kukuona, adziwa kuti chilipo chalakwika. Kusapita kwako ndiwo uthenga umene tikuwatumizira. Ukakhala pansi pano, ndiye kuti wawachenjeza. Ndikudziwa kuti kukhala n'kovuta kuposa kuthamanga, makamaka kwa munthu wa miyendo ngati yakoyo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Agogo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," adayankha Sitora. "Amayi ndi anga. Dildor ndi wanga."

"Nanga kwa ine ndi alendo?"

Malika, amene adagona komweko tsiku limenelo, adaonjezera kuti ngakhale anthu okwera mapiri, a zingwe ndi nsapato za mano, saponda pa ayezi amene akuthamanga. Sitora adavomera ndi mutu, ndipo agogo adakhulupirira kuti nkhani yatha.

3. Sitora akwera pachitunda

M'mawa mwake amuna aja adanyamuka, mudzi wonse utawaperekeza mpaka pamlatho. Sitora adabwerera kunyumba, adatenga magalasi oonera kutali a agogo ake, nanena kuti akupita kukaona ngalande. Adavala jekete lofiira la bambo ake, adaika mkate m'thumba, adatenga ndodo ya chitsulo kunsonga. Munthu wokaona ngalande satenga zonsezi, koma agogo anali kuseri ndipo Malika anali kalikiliki kusaka netiweki padenga.

Tinene zoona, pochoka sadatsimikize kuti awoloka. Ankafuna kukaona yekha ndi maso ake. Vuto la kuona ndi maso n'lakuti maso amakonda kuona zimene mtima ukufuna.

Atafika pamwamba pa chitunda cha miyala chimene chili m'mbali mwa Yaz, adaima kukamwa kuli yasa. Kale munthu ankatsika kuchoka pachitundapo kuti afike pa ayezi. Tsopano ayezi adatupa mpaka kulingana ndi chitundacho, ndipo malo ena adachipitirira. Miyala inkagwa yokha m'mbali. Pansi pankamveka kunjenjemera m'mapazi, ndipo kawirikawiri kunkalira phokoso ngati la chitseko chachikulu chomenyetsedwa.

Mwana wina akadabwerera pomwepo. Sitora adaika magalasi m'maso. Adaona mulu woyamba wa miyala. Adaona wachiwiri, kenaka wachitatu. Yonse inali chiimire, yokongola, monga adaisiyira amuna aja poikonza.

Adawerengera motere: ziweto zimakhala zitabalalika m'mapiri, ndipo kuzisonkhanitsa kumatenga tsiku lathunthu. Ngakhale amayi amuone ali pa ayezi, iye adzakhala atafika asanamange n'komwe katundu. Akawauza zonse, adikire amuna aja pamodzi, ndipo agogo akadzakwiya adzakwiya anthu ali moyo.

Adakumbukira mawu a mkulu wa agogo ake akuti milu ikadali chiimire. Adawakumbukira ndithu, koma adadziuza kuti Sarwar adapita ndi bulu, pamene iye ali yekha ndipo ndi wopepuka. Adatchula dzina la Mulungu, n'kuponda pa ayezi.

4. Njira imene idasamuka

Mpaka pa mulu wachiwiri zidayenda bwino, ndipo adayamba kukonza mawu okanyozera Malika. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu adapeza mng'alu woyamba. Unali waung'ono, adaudumpha. Wotsatira unali wokulirapo, adaudumphanso, koma phazi lidatera m'mphepete mwenimweni ndipo chibenthu chidagumuka. Adamvetsera kuti chimveke pogwera. Sichidamveke.

Mulu wachinayi unali pamwamba pa chipilala cha ayezi chotalika ngati nyumba ziwiri zosanjikizana, mbali zonse kuli phompho. Sitora adauyang'ana osakhulupirira. Miyezi yochepa yapitayo iye mwini adakhala pansi patsinde pa mulu umenewo akumanga nsapato.

Adazungulira. Kuzungulirako kudamutengera kumunsi, kumene sadapondeko chibadwire. Malo ena ankakwawa ndi manja ndi mawondo. Malo ena ankayenda pa kamzere ka ayezi kopyapyala, uku mdima uku mdima, madzi akulira pansi pamene sankawaona. Zikhato zidachekeka. Dzuwa lidafika pamutu, nthawi imene adalonjeza kuti adzakhala atafika, iye asadafike n'komwe pakati.

Apa mantha adamugwira enieni. Adaganiza zobwerera. Adatsata mapazi ake mpaka pa mng'alu wina umene adaudumpha posachedwa, koma adaupeza utayasama kuwirikiza. Akuyang'ana chomwecho, pansi padagwedezeka, kudalira ngati bomba, ndipo chipilala chija cha mulu wachinayi chidapendekeka pang'onopang'ono n'kugwera m'phompho. Fumbi loyera lidakwera m'mwamba. Miyala imene makolo ake adaunjika idapita yonse.

Sitora adakhala pansi. Adalira ngati kamwana, akuitana agogo ake, amene sakadamumva. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, pakuti ngakhale munthu wamkulu akadalira.

Misozi itaphwa adaona kuti kumbuyo kwatsekeka, kwatsala kutsogolo. Adaluma mkate pang'ono, adapukuta magazi pa jekete, nayambanso kukwawa. Adachipeza chimwala chopumirapo chija chitapendekeka, chili kutali ndi mathithi monga momwe chithunzi cha Malika chidaonetsera, ndiponso kupitirira apo. Sadapumepo.

Kutsogolo kwake kunali chitunda chachitali cha ayezi. Adaona kuti akakwera pamwamba pake akhoza kusankha podzera. Adakwera movutika, akukumba popondera ndi ndodo, mpaka adaimirira pamwamba, jekete lofiira likuwala padzuwa.

5. Tsidya lina

Kuchokera pamenepo tsidya la kubusa linkaoneka bwino. Sitora adaika magalasi m'maso kuti afune njira, koma chimene adaona chidamuumitsa thupi.

Ziweto sizidabalalike m'mapiri monga adawerengera. Chipale chija chidazithamangitsa kumtunda, ndipo amayi anali atazitsitsa kale mpaka m'mphepete mwa Yaz. Zinali pomwepo zonse, yaki zitasenzetsedwa matumba a batala ndi tchizi chouma, nkhosa zitaunjikana, mahema ang'onoang'ono atamangidwa pakati pa miyala. Mapulusa a moto ankaonetsa kuti agona pamenepo masiku angapo.

Amayi aja adadikira. Ufa ukutha, kuzizira kukuluma ana, phokoso la Yaz likuwaopsa, adasunga mwambo ndipo palibe adaponda pa ayezi. Ngakhale a Bibi Numa, ndi kulumbira kwawo konse kuja, adadikira.

Tsopano anali ataona munthu wa kumudzi ataima pakati pa ayezi.

Sitora adaona mayi wina akuloza kwa iye. Adaona ena akuimirira, akugwetsa mahema, akuthamangira ku ziweto. Kuchokera pamene iwo adaima, mbali yawo ya ayezi inkaoneka yosalala, ndipo milu yoyamba ya miyala inali chiimire. Kuseri kwa kamtunda kakang'ono, kumene maso awo sankafika koma a Sitora ankaona bwinobwino, ayezi adang'ambika kuchokera uku mpaka uko. Pakamwa pa mng'aluwo padakutidwa ndi chipale chatsopano, chopyapyala, chobooka malo ochepa okha. Njira ya milu inkalunjika pomwepo.

"Bwererani! Amayi, bwererani!"

Mawu ake adamezedwa ndi kulira kwa madzi ndi kusweka kwa ayezi. Adakuwanso mpaka kukhosi kudawawa. Adayang'ana pansi pa chitunda chimene adaimapo kuti athamange, koma pakati pa iye ndi iwo panali maphompho amene akadamutengera mpaka dzuwa kulowa.

Adabwezera magalasi m'maso. Patsogolo pa mzere panali yaki yaikulu yakuda ya kunyumba kwawo, ndipo woigwira chingwe anali amayi ake, Dildor ali kumsana atavala chipewa chaubweya. A Bibi Numa adadutsa mulu woyamba. Adaima, adaphimba maso ndi chikhato poteteza dzuwa, n'kuyang'ana kumene kunali jekete la mwamuna wawo. Adamuzindikira mwana wawo.

Adakweza dzanja m'mwamba mokondwera. Kenaka adacheukira amayi anzawo, nawakodola kuti afulumire.